Timagalimoto ta agogo kapena ta anyamata: tisunge titi?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Leicester, ku England. Mwini wake ndi bambo wa kwathu amene wakhala kumeneko zaka zingapo. Mkulu wina woyandikana naye nyumba, posamukira ku nyumba yaing'ono, anamusiyira katoni ya timagalimoto tachitsulo toseweretsa. Funso lake ndi ili: "Mukatonimo muli timagalimoto ta Dinky ndi Corgi pafupifupi 40. Tina tili m'mabokosi mwake, koma tambiri n'tokandikakandika. Mwana wanga wa zaka 12 sakutiyang'ana n'komwe, iye akufuna Nissan Skyline ya Hot Wheels basi. Nditisunge kuti tidzakwere mtengo, kapena nditigulitse n'kugula timene achinyamata akulimbirana?"

Achimwene, ngati nkhani ndi ya ndalama, gulitsani panopa, musadikire. Koma ndalamazo musakazithire mu Skyline poganiza kuti mwapeza banki ina.

Msika umenewu umayendera msinkhu wa ogula. Munthu sagula kagalimoto chifukwa chakuti n'kakale. Amagula kamene ankakasirira ali mwana, kaja ankakaona pawindo la sitolo makolo ake n'kumukoka dzanja kuti tiye kunyumba. Akafika zaka 40 kapena 50, m'thumba muli kenakake, amabwerera kukakafunafuna. Anzake a msinkhu umodzi amabwereranso nthawi yomweyo, ndiye mtengo umakwera. Pakapita zaka zina 30, onsewo amayamba kugulitsa, nthawi imodzinso.

Timagalimoto tanuto tadutsa kale njira yonseyi. Dinky inayamba mu 1934 ku kampani ya Meccano ya ku Liverpool. Matchbox inabwera mu 1953 ku London, ndipo Corgi inatsatira mu 1956 kuchokera ku Swansea, ku Wales, ikunyadira kuti timagalimoto take tili ndi mawindo apulasitiki pamene ta Dinky tinali ndi mabowo chabe. Mnyamata amene anali ndi zaka 10 mu 1958 ndiye anakweza mitengo ya zinthu zimenezi m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, fakitale ya Dinky itatsekedwa mu 1979. Lero mnyamata uja akuyandikira zaka 80. Akusamukira ku nyumba yaing'ono monga mnansi wanuyo, kapena wamwalira ndipo ana ake anyamula katundu yense kupita naye ku okishoni, monga ya Vectis, imene ntchito yake ndi kugulitsa zoseweretsa zakale. Zafanana ndi tomato pa nthawi yokolola: aliyense wafika pamsika ndi dengu lake, ogula ndi omwe aja, ndipo akuchepa chaka ndi chaka. Galimoto ya Austin kapena Hillman ya m'ma 1950 siimukumbutsa kanthu munthu wa zaka 35.

Izi sizikutanthauza kuti katoni yonse ndi ya mtengo umodzi. Chimene chagwa ndi katundu wapakatikati, timagalimoto tija tinapangidwa tambirimbiri n'kuseweretsedwa mpaka penti kutha. Toterewa timagulidwa mapaundi ochepa. Tosowa kwenikweni, tosakandika, tokhala ndi bokosi lake lenileni, tikadali ndi ogula olimbirana. Choncho musanagulitse, khalani pansi ndi katoniyo madzulo ena.

Yambani ndi kutembenuza kagalimoto kalikonse n'kuwerenga pansi pake. Kampani ya Atlas Editions inapanganso timagalimoto tambiri ta Dinky zaka za posachedwapa, tofanana kwambiri ndi takale, bokosi ndi zonse. Pansi pake pamalembedwa kuti tinapangidwa ku China. N'tokongola, koma si takale, ndipo anthu ambiri agwa nato m'mbuna. Kenako onani mabokosi. Kagalimoto kokhala ndi bokosi lake labwino kamaposa kangapo mtengo wa kopanda bokosi, chifukwa ana ankataya mabokosi tsiku lomwe alandira mphatso. Mukapeza bokosi lolembedwa Chingerezi ndi Chiafrikaans, liikeni padera. M'zaka za m'ma 1960, chifukwa cha msonkho wa katundu wolowa m'dziko, timagalimoto tina ta Dinky tinkatumizidwa ku South Africa tosamalizidwa, n'kukalumikizidwa ndi kupentedwa konko, nthawi zambiri m'mitundu imene ku England kunalibe. Tinali tochepa ndipo osonkhanitsa amatifuna kwambiri. Abale a ku Johannesburg ndi Cape Town amene mumayenda m'misika ya zinthu zakale, maso akhale pamenepo.

Onaninso ngati chitsulo chili ndi ming'alu kapena chikufufuma. Timagalimoto timeneti timapangidwa ndi zinki wosakaniza ndi aluminiyamu, ndipo ngati munalowa mtovu pang'ono popanga, chitsulocho chimayamba kusweka chokha pakapita zaka. Vutoli ndi lofala pa Dinky za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, ndipo lilibe mankhwala. Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni: musapente. Kagalimoto kokandika koma kokhala ndi penti wake wa ku fakitale kamaposa kopentedwanso bwino. Fumbi lichotseni ndi kabulashi kofewa, basi.

Mbadwo wotsatira unaleredwa ndi Hot Wheels. Kampani ya zoseweretsa ya Mattel inaitulutsa ku America mu 1968 ndi mitundu 16, ya penti wonyezimira ndi matayala othamanga modabwitsa pa kanjira kapulasitiki. Matchbox inayankha mu 1969 ndi Superfast, koma mwini wake, kampani ya Lesney, inagwa mu 1982, ndipo kuyambira 1997 Matchbox ili m'manja mwa Mattel yomweyo. Hot Wheels zoyambirira, zija zili ndi mzere wofiira pamatayala zotchedwa Redline, zikadali pamtengo wabwino chifukwa ana a nthawi imeneyo ali m'zaka za m'ma 60, akadali ndi mphamvu ndi ndalama. Ine ndikuona kuti zaka 15 zikubwerazi nawonso ayamba kubweretsa madengu awo.

Tsopano mwana wanu ndi Skyline yake. Iye watengera kwa achimwene ake a msika uno, anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40. Amenewa sanakulire pawindo la sitolo. Anakulira pa PlayStation, pa gemu ya Gran Turismo imene inatuluka mu 1997, ndi pa mafilimu a mipikisano ya mumsewu. Kumeneko ndi kumene anadziwira Skyline, Toyota Supra, Mazda RX-7 ndi Honda Civic. Ku America kuli lamulo loletsa kulowetsa galimoto imene sinapangidwire msika wa kumeneko mpaka itakwana zaka 25, ndiye Skyline R34 ya 1999 inayamba kuloledwa mu 2024. Zaka zonsezo anthu ankaisirira osatha kuigula, ndipo pofika nthawiyo mtengo wa yeniyeni unali utathawa kale. Kagalimoto ka masentimita 7 ndi kamene kanatsala.

Ku Mattel kunalinso anthu amene anaona zimenezi msanga. Jun Imai anajambula Datsun 510 ya Hot Wheels pa nthawi imene kampaniyo inkadalira magalimoto a ku America a mainjini akuluakulu, ndipo Ryu Asada, amene anamwalira mu 2021, anabweretsa ma Honda ambiri. Imai anachoka n'kuyambitsa Kaido House, imene imagwira ntchito ndi Mini GT. Makampani monga Mini GT, Tarmac Works ndi Inno64 amapanga timagalimoto ta saizi yomweyo ya 1:64 (kutanthauza kuti galimoto yeniyeni ndi yaitali kuwirikiza ka 64), koma topangira anthu akuluakulu, ta matayala a labala ndi tinyali toikidwa patokha, pamtengo wowirikiza pafupifupi kakhumi wa Hot Wheels wamba. Tomica ya ku Japan, imene ilipo kuyambira 1970, nayonso yapeza ogula atsopano kunja.

Nkhani ya saizi anthu amaiiwala, chonsecho ndi yaikulu. M'zaka za m'ma 1990 mfumu inali 1:18, kagalimoto ka masentimita pafupifupi 25 kotsegula zitseko ndi boneti, ka Bburago kapena Maisto. Pamafunika kabati yagalasi ndi chipinda. Wachinyamata wa lendi ku London, Jakarta kapena Hong Kong alibe malo amenewo. Timagalimoto 100 ta 1:64 timakwana pakhoma limodzi, timatumizika pa positi motchipa, ndipo timajambulika bwino pafoni poika pa Instagram. Ngakhale 1:18 yasintha: makampani ambiri apamwamba akupanga ndi resin, mtundu wina wa pulasitiki, zitseko zosatseguka, ndipo kampani ya AUTOart inasiya chitsulo pa mitundu yambiri n'kutengera pulasitiki wolimba. Akuluakulu amadandaula kuti kagalimoto kopanda kulemera m'manja si kagalimoto. Achinyamata amangofuna kuti kaoneke bwino pachithunzi. Pamenepa ine ndili kumbali ya akuluakulu, koma msika sunandifunse.

Nanga bwanji ndikukuletsani kuika ndalama mmenemo, pamene mbadwo wake ndi umene ukugula? Chifukwa chimene chinakweza Dinky ndi kuwononga kwa ana. Ankatiponya m'matope, ankatiponda, mabokosi ankasonkhezera moto. Pa timagalimoto masauzande, tochepa tokha tinapulumuka tili bwino. Lero Skyline ikafika m'sitolo imagulidwa ndi bambo wamkulu amene saitsegula n'komwe, amaiika m'chikwama chapulasitiki n'kuibisa m'kabati. Zaka 30 zikubwerazi, zosatsegulidwa zidzakhala paliponse. Kusowa kumene mukuona panopa n'kopangidwa ndi kampani. Mattel inayamba Treasure Hunt mu 1995 ndi Super Treasure Hunt mu 2007, kubisa timagalimoto tapadera tochepa m'makatoni kuti anthu azizungulira m'masitolo. Kampani yomweyo ikhoza kutulutsanso galimoto yomweyo mu mtundu wina chaka chamawa. Amene amapindula ndi ogula m'mawa n'kugulitsa madzulo pa eBay, msika wa pa intaneti, ndipo imeneyo ndi ntchito, si kusunga chuma.

Chitsanzo chilipo kale. Makampani a Franklin Mint ndi Danbury Mint ankagulitsa magalimoto a 1:24 kwa akuluakulu a ku America m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, okwera mtengo, okhala ndi satifiketi. Aliyense anasunga bwino, bokosi ndi pepala lomwe. Lero ambiri mwa magalimotowo amagulidwa pamtengo wotsika kuposa umene eni ake analipira. Nthawi ya Covid, anthu atatsekeredwa m'nyumba, mitengo ya zinthu zosonkhanitsa inakwera kwambiri, ndipo amene anagula pamwamba penipeni ena akudikirabe.

Ife amene tinakula tikupinda mawaya n'kupanga magalimoto athu, matayala a zitsekerero za mabotolo, msika umenewu sunatiwerengerepo. Koma lamulo lija limatigwira chimodzimodzi. Ndikaona Peugeot 404 kapena Land Rover yakale pa tebulo la wogulitsa, dzanja limapita lokha m'thumba. Dinky ya ku France inapanga 404, ndipo Corgi inapanga ma Land Rover ambiri, mwina ina ili m'katoni yanu. Chosangalatsa n'chakuti kukonda magalimoto a ku Japan kwatibweretsera athu: Tomica ili ndi Toyota HiAce, minibasi yathu ija, ndipo Hot Wheels ili ndi Datsun Sunny Truck, imene ndi kabakkie ka Nissan 1400 kamene kanapangidwa ku South Africa mpaka 2008.

Ndiye chitani chonchi. Kagalimoto kalikonse kali ndi dzina kapena nambala pansi pake kapena pabokosi. Kafufuzeni pa eBay, koma muyang'ane mitengo ya timene tinagulidwa kale, osati imene ogulitsa akutchula, chifukwa munthu akhoza kutchula chilichonse. Ta m'mabokosi, ngati tikuoneka ta mtengo, tijambuleni mbali zonse ndi pansi pomwe n'kutumiza zithunzi ku okishoni ya zoseweretsa. Mufunse ndalama imene amadula musanavomere. Tokandikato tigulitseni pamodzi kwa anthu okonza, kapena mupite nato ku msika wa osonkhanitsa zoseweretsa umene umachitika ku NEC, malo aakulu a ziwonetsero a ku Birmingham, si kutali ndi kwanuko. Mupite ndi mwanayo, matebulo a Skyline aliponso. Ndipo musanagulitse kalikonse, kauzeni mkulu uja zimene mukufuna kuchita, chifukwa n'kutheka kuti pokupatsani ankaganiza za mwana wanu, osati za okishoni.