Kodi ufumu wa Qing unagwetsedwa ndi alendo kapena unadzigwetsa wokha?

Mmodzi mwa owerenga anga wanditumizira imelo kufunsa ngati ufumu wa Qing ku China unagwetsedwa ndi azungu kapena unali utavunda kale, ndipo akufuna yankho loti alembe pa mayeso. Funsoli landikhudza chifukwa pamene ndinkaphunzitsa mbiri kusekondale, ndinkalimbana kwambiri ndi mphunzitsi mnzanga wina wachikulire amene ankanena kuti anthu a ku China anaziputa okha pokana malonda. Bambo ameneyu ankayambira m'chaka cha 1793, pamene kazembe wa Britain, Lord Macartney, anapita kwa mfumu Qianlong kukapempha kuti madoko ena atsegulidwe koma n'kubwerako chimanjamanja, ndipo ankati kudzikuza kumeneko ndiko kunabala mavuto onse. Tinkakangana m'chipinda cha aphunzitsi mpaka belu kulira, ndipo ana a makalasi athu ankakumana panja ali ndi manotsi otsutsana, n'kumabwera kudzandifunsa kuti pakati pa aphunzitsi awiriwa wonama ndani. Sindinkatha kuwayankha momasuka, poti munthu wamkulu sachititsidwa manyazi pamaso pa ana.

Lero ndikhoza kuyankha. China sinakane malonda, popeza amalonda a ku Ulaya ankagula ndi kugulitsa padoko la Guangzhou, lomwe kuyambira mu 1757 linali doko lokhalo lololedwa kwa iwo. Vuto la Angerezi linali lakuti ankafuna tiyi wambiri pamene anthu a ku China sankafuna katundu wawo, choncho ankalipira ndi siliva. Njira imene anaipeza inali opiyamu, mankhwala osokoneza bongo, wolimidwa ku India pansi pa kampani ya Angerezi ya East India Company, amene ankalowetsedwa mozemba ngakhale kuti malamulo a China ankaletsa. Siliva anayamba kutuluka m'dzikomo, ndipo apa ndi pamene mnzanga uja sankafuna kuyang'ana: mlimi ankagulitsa mbewu zake ndi ndalama zamkuwa, koma msonkho unkawerengedwa mu siliva, kotero siliva akakwera mtengo, msonkho wake unkalemera ngakhale kuti iye sanasutepo opiyamu.

Mu 1839 Lin Zexu, nduna ya boma la Qing, analanda mabokosi oposa 20,000 a opiyamu n'kuwawononga ku Humen, ndipo Britain inayankha ndi sitima zankhondo. Pangano la ku Nanjing la mu 1842 linapereka chilumba cha Hong Kong kwa Britain, linatsegula madoko asanu, ndipo linakakamiza China kulipira madola asiliva 21 miliyoni, ena mwa iwo kukhala chipukutamisozi cha opiyamu yemweyo. Munthu amene amatcha zimenezi ufulu wa malonda sakunena zoona, ndipo pamenepa sindisintha maganizo.

Komabe mfuti za alendo sizinaphe anthu ochuluka ngati mmene inaphera nkhondo yapachiweniweni. Hong Xiuquan, yemwe analephera mayeso olowera ntchito m'boma kangapo, anawerenga timabuku ta chikhristu n'kuyamba kudzitcha mng'ono wake wa Yesu, ndipo anapeza otsatira ambiri ku Guangxi pakati pa anthu osauka amene minda inawachepera. Chiwerengero cha anthu chinali chitapitirira 400 miliyoni, katangale anali atazika mizu, komanso malonda atasamukira ku Shanghai, ambiri amene ankanyamula katundu m'njira za kum'mwera anatsala opanda ntchito. Gulu la Hong, lotchedwa Taiping, linalanda Nanjing mu 1853 ndipo linagonjetsedwa mu 1864, anthu pafupifupi 20 miliyoni kapena kuposerapo atafa.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri

Mu 1860 asilikali a Britain ndi France anafunkha nyumba zachifumu za Yuanmingyuan, ndipo kazembe wa Britain, Lord Elgin, analamula kuti zitenthedwe. Pasanapite nthawi, maiko omwewo anayamba kuthandiza boma la Qing kulimbana ndi a Taiping, mpaka msilikali wa Britain, Charles Gordon, anatsogolera gulu lina la asilikali kufupi ndi Shanghai. Ankafuna boma lofooka koma lamoyo, loti lizisaina mapangano ndi kulipira ngongole. Zomwezi zinaoneka a Boxer, gulu la anthu a ku China lodana ndi alendo, ataukira alendowo mu 1900: maiko asanu ndi atatu anatumiza asilikali ku Beijing, koma anasiya mfumukazi Cixi pa ulamuliro n'kuika chindapusa cha matayelo (muyezo wa kulemera kwa siliva) 450 miliyoni mu 1901. Amene anagonjetsadi a Taiping anali asilikali a m'zigawo, monga a Zeng Guofan a ku Hunan, ndipo mphamvu zitapita kuzigawo sizinabwererenso zonse ku likulu, zomwe zinaonekera poyera ufumuwo pogwa mu 1912.

Tsono inu amene mwafunsa, musasankhe mbali imodzi pa mayesopo. Lembani kuti mavuto a minda, katangale ndi kuchuluka kwa anthu analipo kale, kenako musonyeze mmene opiyamu, kutuluka kwa siliva ndi zindapusa zinawakulitsira, ndipo nkhani ya msonkho wa mlimi ija muiike pakati penipeni pa yankho lanu.