Ana akamangoluma bolopeni pa masamu a nkhani

Mphunzitsi wina wa kusekondale wanditumizira imelo. Akuti akalemba 5x + 20 = 80 pabolodi ana amapeza x mosavuta, koma funso lomwelo likabwera ngati nkhani amangoluma bolopeni. Atani?

Aphunzitsi, musawathamangitsire kwa x.

Titenge nkhani iyi: m'thanki muli kale madzi malita 20, ndipo mpopi ukuthiramo malita 5 pa mphindi iliyonse. Afika malita 80 pakatha mphindi zingati? Ine poyamba sindilola mwana kulemba chilembo. Ndimafunsa kuti ikatha mphindi imodzi madzi akhala angati. Amati 25. Ziwiri? 30. Zinayi? 40. Zonsezi timaziika m'tebulo. Kenako ndimalumphira patali dala: nanga mphindi 50? Apa zala zimachepa, mpaka wina amatulukira yekha kuti tichulukitse 50 ndi 5, tiwonjezere 20 uja. Ikweshoni ndi imeneyo, yatuluka m'kamwa mwake. Chatsala n'kufufuta 50 n'kuikapo x, basi y = 5x + 20, pomwe x ndi mphindi ndipo y ndi malita a madzi.

Galafu imachokera m'tebulo lomwelo. Mphindi zikhale pa mzere wogona, malita pa mzere woimirira. Aike madontho pa (0, 20), (2, 30) ndi (4, 40), awalumikize ndi rula. Ndiye afunseni chifukwa chake mzerewo sukuyambira pa ziro. Woyankha kuti thankiyo inali ndi madzi kale wamvetsa, ngakhale mawu akuti intercept sanawamvepo. Akachoka pa 80 pa mzere woimirira n'kukagunda mzerewo, n'kutsika, apeza 12.

Paja al-Khwarizmi, katswiri wa masamu wa ku Baghdad, m'zaka za m'ma 800, aljebra yake ankailemba m'mawu okhaokha. Chizolowezi chogwiritsa ntchito x, y ndi z pa nambala zosadziwika chinafala ndi René Descartes mu 1637. Ndiye mwana wanu akachedwa sabata ziwiri, n'zodabwitsa?

Chimene sindigwirizana nacho ndi kuloweza mawu, zoti ukaona "kuposa" uzichita zakutizakuti. Yesani ichi mawa: pasukulu ina ana ndi ochuluka ka 6 kuposa aphunzitsi. Mukati a aimire ana ndipo m aimire aphunzitsi, ambiri alemba 6a = m, potsatira mmene mawu ayalidwira. Musawadule ndi cholembera chofiira. Auzeni ayese ndi aphunzitsi 2. Ana akhala 12, nanga 6 kuchulukitsa ndi 12 n'kupeza 2? Aseka okha, n'kutembenuza kuti a = 6m.