Za madola awiri a achemwali ndi nyimbo yomwe sinalire

Achemwali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndinauona m'mawa koma maso anali asanatseguke bwino, ndinafika kunyumba cha m'ma 5 koloko. Ndikuyankha ndi pakamwa chifukwa zonsezi kuzilemba zala zingatupe. Amalume ndi amayi aang'ono, ngati mukumvera nawo, pepanitu, lero pagulu la banja tikamba za kukalabu, tsekani khutu limodzi.

Ndiye mwati Loweruka munapita kuphwando la tsiku lobadwa la mnzanu m'tawuni muno mu Harare, patebulo panali kachikwangwani ka QR code koti mupemphere nyimbo kwa DJ. Munajambula ndi foni, munalemba nyimbo yakwathu ku Malawi, munalipira madola awiri pa EcoCash, njira yathu kuno yotumizira ndalama pafoni, mwakhala mpaka 2 koloko usiku nyimbo osalira. Mukufunsa ngati anakuberani, komanso ngati ife ma DJ timaziona n'komwe zimene anthu amatumizazo.

Timaziona, achemwali. Kumene ndimagwira ine Lachisanu ndi Loweruka tinayamba nazo chaka chatha. Kanthu kaja nthawi zambiri si app yochita kuika mufoni ayi, ndi tsamba chabe la pa intaneti, mukajambula QR ija limatseguka lokha. Mukalemba nyimbo n'kutumiza, kwa ine imagwera pa tabuleti yomwe ili pambali pa laputopu, pamzere, pamodzi ndi nthawi yomwe mwatumizira ndi nambala ya tebulo. Ngakhale VirtualDJ, pulogalamu imene anyamata ambiri tinaphunzirirapo ntchitoyi, ili ndi kake kotere kotchedwa Ask the DJ, munthu amalemba pafoni, mawu ake n'kutulukira pa sikirini ya DJ. Koma ulendo wake umathera pomwepo. Kumasipika sikafika. Pakati pa foni yanu ndi masipika pakhala munthu, ndipo munthuyo ali ndi batani lovomera ndi lokana.

Anthu amasokoneza ndi jukubokosi. Mukukumbuka agogo aamuna ankasimba za m'mabala a ku Mbare, masiku omwe mzinda uno unkatchedwa Salisbury, asanausinthe dzina mu 1982? Ankati ukaponya kobiri m'makina aja, mbale yako imalira basi, kaya anzako aikonda kaya ayi, makina sadziwa kukana. Izi ndi zina. Izi zikufanana ndi Zokonda Amayi ya pa MBC, amayi aang'ono ku Dedza andichitira umboni. Makalata amapita mulu, koma woulutsa amasankha, nthawi ikatha yatha, ena amadikira sabata yamawa.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi. Ine nyimbo sindiimaliza, ndimaipatsa mphindi ziwiri kapena zitatu n'kulowetsa ina. Pa ola limodzi ndimaika mwina 25. Usiku wa kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, pa tabuleti paja pamafika zopempha zoposa 100, ndipo zambiri zimabwera nthawi imodzi, pakati pa 12 ndi 2 koloko, mowa utayamba kulankhula. Theka la zimenezo ndi nyimbo zitatu zomwezomwezo zimene zavuta m'makombi mwezi umenewo, zomwe ndikanaika ngakhale popanda wondiuza. Ena amapempha nyimbo yomwe ndangoichotsa kumene chifukwa anali panja akusuta. Wina anandilembera kuti ika ijayi ya mtsikana uja imati eee eee. Ndinaseka ndekha m'kabokosi mwanga.

Koma chachikulu, chimene anthu sachiona, ndi liwiro la nyimbo. Ife timawerenga ma BPM, ndiye kuti ng'oma ikugunda kangati pa mphindi. Amapiano ya ku Joni imayenda cha m'ma 110 mpaka 115. Zimdancehall yambiri ili pansi pa pamenepo. Sungura imathamanga, gitala yake siipuma. Kuti nyimbo ziwiri zilumikizane anthu osapunthwa, ng'oma zake ziyenera kugunda pamodzi. Pamakina pali kotsetsereka kowonjezera kapena kuchepetsa liwiro, koma kali ndi malire ake, ukakankha kwambiri nyimbo imamveka yachilendo. Tsono tayerekezani, 1 koloko, bwalo ladzaza, log drum, ng'oma yolemera ija ya amapiano, ikugwedeza matebulo, atsikana akweza mabotolo m'mwamba, ndiye ine ndidule zonsezo ndiike nyimbo yofatsa yachikondi yakumudzi imene muholo monse mukuidziwa anthu anayi. Bwalo limaphwa ngati mwathira madzi pamoto, ndipo kulidzazanso kumatenga theka la ola. Manijala amakhala ataima pakhomo akundiyang'ana, chifukwa iye akudziwa kuti anthu akasiya kuvina amayamba kuyang'ana wotchi n'kuitana taxi. Paja amati fupa lokakamiza limaswa mphika. Nyimbo yanu ikanalowa bwino cha m'ma 10, anthu akudya nyama, kapena m'bandakucha pamene tikutsitsa. Inu munaipempha nthawi ya nkhondo.

Imani kaye, iwe tseka chitsekocho, ndikujambula mawu. Pepani, ndi mwana uyu.

Eee, ndinali pati? Chachiwiri, ndipo apa ndikhulupirira ndi pomwe inu munagwera. DJ uja nyimbo yanuyo analibe. App ija imakulolani kulemba chilichonse, koma sikutanthauza kuti chili mu laputopu yake. Ife timaika zimene tinakonzeratu, zili pa hard drive kapena pa fulashi, tinazimvera, tinaika zizindikiro polowera ndi potulukira. DJ wa kuno ku Harare mumupeza ndi amapiano mafoda, Afrobeats ya ku Nigeria, rhumba ya ku Congo, sungura, zimdancehall. Za ku Malawi mwina ali nazo ziwiri kapena zitatu zomwe zinawoloka malire pa TikTok, basi. Ukamuuza za Chichewa amathamangira kwa Alick Macheso, poti bambo ake ndi ochokera kwathu ndipo nyimbo zake zina amaimba m'chilankhulo chathu. Si kuipa mtima, sakuzidziwa. Ife Amalawi a ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Dzivarasekwa tilipo ambiri ndithu, koma m'kalabu timavina za eni dziko n'kukhala chete, ndiye DJ adziwa bwanji kuti tilipo?

Mwina munena kuti bwanji osangoitenga pa intaneti pompo. Spotify inafika kuno ndi ku Malawi komwe mu 2021, YouTube ilipo, inde. Koma kutsitsa nyimbo uli pakati pa ntchito, dzanja lina lili pa mikisa, khutu lina m'mahedifoni, n'kuika osaimvera, ndi kutchova juga. Ine zinandionekera. Ndinatsitsa ina mothamanga chifukwa bambo wina anaumirira, osadziwa kuti ndi ya vidiyo, kumayambiriro kuli anthu akukambirana ndi galu akuuwa kwa mphindi yathunthu. Holo yonse inatembenuka. Komanso nyimbo yong'ambidwa pa YouTube pafoni imamveka bwino, koma pamasipika akuluakulu imalira ngati wailesi yomwe mabatire akutha. Kuwonjezera apo magetsi athu mukuwadziwa. Akathima, jenereta ikamadzuka, laputopu imapitirira ndi batire lake koma kabokosi ka Wi-Fi kamazima n'kuyambanso, ndipo zopempha zomwe zatumizidwa nthawi imeneyo zina zimafika mochedwa, nthawi yake itadutsa. M'holo modzaza anthu ngakhale netiweki ya foni imakwawa.

Tsopano za ndalama, chifukwa apa pokha ndili mbali yanu. Madola awiri si masewera, ndi kombi ya kutawuni kupita ndi kubwera. Ma app amenewa amasiyana. Ena ndi aulere, umangopempha. Ena umalipira pokhapokha DJ akavomera, akakana ndalama siichoka kapena imabwerera. Ena ndalama imapita nthawi yomweyo ngati ya fanta, nyimbo ilire isalire. Ndiye kuno kwathu, poti ambiri mwa ma app akunjawa amafuna khadi la kubanki, eni malo amachita zachidule, amangomata nambala ya EcoCash kapena ya WhatsApp pansi pa QR ija, ndalama n'kumalowa mufoni ya munthu. Zimawathandiza chifukwa chenji chavuta kuyambira kale, ngakhale ndalama ya ZiG itabwera mu 2024 timabwezeredwabe maswiti. Koma zikatero palibe makina obweza, wobweza ndi munthu, ndipo munthu ukapanda kumufunsa amaiwala dala.

Ndiye ngati pachikwangwani panalembedwa kuti lipirani nyimbo yanu ilire, amenewo akubwezereni. Musapite kwa DJ, nthawi zambiri iye ndalamazo sazigwira n'komwe. Kwathu kuno zimalowa kwa eni malo, ine amandigawira pang'ono kumapeto kwa usiku. Pitani kwa manijala masana, muonetseni uthenga wa EcoCash uja wokhala ndi nthawi ndi nambala, musaufufute. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, iwo sangakuyimbireni. Koma ngati panalembedwa kuti ndi mphatso kwa DJ, basi achemwali, munapereka chopereka, Mulungu akudalitseni.

Ine maganizo anga, kulipiritsa munthu usanavomere nyimbo yake ndi khalidwe loipa, ndipo ndinakangana nawo abwana anga mpaka tinasintha. Pano kwathu umapempha ulere, ndikavomera m'pamene umalandira uthenga woti ukafuna ponyapo kangachepe. Chifukwa munthu akalipira amaona ngati wakugula. Wina anabwera kudzagogoda pagalasi ndi botolo ati ndalipira madola asanu, ika pompano. Ndipo pali malo ena amene amachita kupikisanitsa, wolipira zambiri nyimbo yake imakwera pamwamba pa mzere. Kumeneko usiku wonse mumavina zokonda tebulo limodzi la anyamata a magalimoto akuluakulu, ena nonse mwasanduka operekeza. Zimenezo ine sindigwirizana nazo.

Komatu musandimve ngati ndikudana ndi app, ayi. Kale munthu ankachita kudutsa m'chigulu, kukwera masitepe, kudzandikuwira m'khutu, malovu ndi fungo la mowa, ine osamva kanthu chifukwa sipika yaing'ono ili pambali panga. Ena ankandiyatsira foni kumaso, ena kuika tambula pafupi ndi laputopu. Mnzanga wina laputopu yake inafa choncho, mowa unalowa m'mabatani Loweruka usiku. Ndipo kwa azimayi ngati inu, kukhala pampando n'kutumiza kuli bwino kusiyana n'kupanikizana ndi zidakwa, foni ili m'manja, akuba ali tcheru. Chinanso, Lolemba ndimakhala pansi n'kuwerenga zonse zomwe anthu anapempha, zomwe ndinalibe ndimazisaka. Nyimbo za ku Malawi zomwe ndili nazo pano, zina ndinazidziwira momwemo, anthu akuzilemba mobwerezabwereza mpaka ndinazindikira kuti Lachisanu kumabwera gulu la anyamata akwathu ogwira ntchito m'magalaja.

Ulendo wina mukadzafuna, chitani chonchi. Lembani dzina la nyimbo ndi la woimba molondola, ngati simukulidziwa gwiritsani Shazam, app ija yomvera nyimbo n'kukuuzani dzina lake, musanachoke kunyumba, ngakhale zakwathu zina siizipeza. Tumizani msanga, mukangofika, ndipo wonjezerani mawu awiri, kuti tebulo lakuti tilipo khumi, ndi tsiku lobadwa la mnzathu, tidzavina. Ndikaona kuti pali anthu khumi oti adzuka, ndimaipezera mpata, chifukwa anthu khumi akadzuka amakoka ena. Mumvere kaye zomwe zikulira, musapemphe ya maliro pakati pa chinkhoswe. Ndipo tumizani kamodzi. Amene amatumiza kasanu ndimamusiya dala, ndivomere tchimo langa pamaso pa amalume.

Koma ya phwando ngati lija, njira yake si QR ayi. Mwini phwando amayenera kulankhula ndi DJ masiku awiri zisanachitike, kumutumizira nyimbozo pa WhatsApp ngati document kuti zisaphwanyike, iye azimvere, azikonze, mugwirizane nthawi, mwina podula keke. Pamenepo ngakhale holo yonse isaidziwe, DJ amatenga maikolofoni n'kulengeza kuti iyi ndi ya alongo athu a ku Malawi, anthu amaombera m'manja, ena amadzuka kudzaphunzira kudula chiuno.

Ndiye nyimbo ija nditumizireni pofika Lachinayi, ndiimvere. Loweruka mubwere ndi alamu, mufike 10 koloko isanakwane, ndikakusungirani tebulo la kumbali kutali ndi sipika. Ndipo musalipire kalikonse, mungondibweretserako nsomba zija amayi aang'ono anatumiza, ndamva kuti zinafika ndipo mwakhala chete.