Banki silemba munthu ntchito chifukwa choti wafika ku Blantyre

Mtsikana wina wa ku Kasungu walemba motere: "Ndinakhoza MSCE ndi mapointi 23, masamu ndinapeza 3, koma dzina langa silinatuluke pa osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma. Ndinkafuna akaunti ku MUBAS. Bambo anga akuti ndisataye nthawi, ndipite ku Blantyre ndikakhale kwa amalume ku Ndirande, ndizikaponya makalata m'mabanki poti ndalama za dziko lino zili kumeneko. Tulo sindikuliona. Ndipite?"

Makalata otere amabwera chaka ndi chaka mayina akangotuluka. Chimasintha ndi kumene amalume akukhala basi, lero Ndirande, mawa Bangwe, mkuja Chilomoni.

Mwana wanga, bambo ako sananame pa nkhani ya kumene kuli ndalama. Likulu la boma linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, koma malonda anatsalira ku Blantyre. National Bank, FDH, NBS ndi First Capital Bank malikulu awo ali kumeneko. Msika wa masheya, Malawi Stock Exchange, uli komweko, ndipo unayamba kugulitsa masheya mu 1996 ndi kampani ya NICO. MRA nayo likulu lake ndi Msonkho House mu mzinda womwewo. Zonsezi nzoona.

Chimene sanakuuze nchakuti si iwe wekha amene wamva mbiri imeneyi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mu mzinda wa Blantyre, opitirira 3,000 pa sikweya kilomita imodzi, kuthithikana kuposa mzinda wina uliwonse m'Malawi muno. Ambiri mwa iwo ndi achinyamata, ndipo envulopu ya khaki imene ukufuna kunyamulayo anainyamula kale. Makampani amene ali pa msika wa masheyawo sakwana 20. Banki ikalengeza malo a pa kauntala, amene amaima pamzere ndi a madigiri ochokera ku MUBAS, ku UNIMA, ku yunivesite ya Katolika ku Nguludi. Ndiye ganiziranso kuti anthu masiku ano akutumizirana ndalama pa Mo626, Airtel Money ndi Mpamba, akutapa kwa maejenti pamsika osaponda m'banki. Ntchito ya pa kauntala si ntchito imene ikukula. Ndi MSCE yokha, kalata yako ikathera pa geti kwa alonda. Pepa, koma ndi mmene zilili.

Inu abambo, ngati mwanayu akuwerengereni yankho lino, mundimve bwino. Mwatopa ndi mafunso a anthu a kutchalitchi akuti mwana uja ali kuti, ndiye mukufuna muziyankha kuti ali ku Blantyre. Kodi mwawafunsa alamu anuwo kuti nyumba yawo ili ndi zipinda zingati? Ya minibasi yopitira m'tauni tsiku lililonse azipereka ndani? Mtsikana wopita kwa achibale opanda sukulu, opanda ntchito, mwezi woyamba amakhala mlendo, wachiwiri ndiye wolera ana ndi wokatunga madzi pa kiyosiki. Pakutha chaka masamu aja aiwalika. Zimenezi zimandinyansa chifukwa makolo amazidziwa bwinobwino, koma amatumizabe.

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Iwe uli ndi 3 ya masamu, ndipo pa ntchito za ndalama masamu ndi Chingelezi ndizo amayamba kuyang'ana. Lembetsa mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a akaunti m'dziko muno. Njira yake ndi ya makwerero: pali satifiketi ya oyamba kumene, pali dipuloma ya Technician, ndipo pamwamba pake pali mayeso amene amamufikitsa munthu pa CA(M), kutanthauza katswiri wovomerezeka wa akaunti. Ubwino wake ngwakuti mayeso ndi amodzimodzi kwa aliyense, wa ku Kasungu ndi wa ku Namiwawa ku Blantyre, ndipo wolemba anthu ntchito akaona pepalalo amadziwa chimene wakhoza. Umalemba mapepala pang'onopang'ono molingana ndi thumba, si fizi ya zaka zinayi yofunika semesita iliyonse. Malawi College of Accountancy ili ku Blantyre inde, koma ilinso ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo iwe uli pakati pa mizinda iwiriyi pa msewu wa M1.

Mbali imene ophunzira ambiri amainyoza ndi iyi: pamene ukuwerenga, peza malo ogwirako mabuku enieni a ndalama, ngakhale kwaulere poyamba. SACCO, kopaletivi ya alimi, esiteti ya fodya, sitolo ya feteleza ndi mbewu, sukulu ya mishoni, onsewa ali ndi malisiti ongounjikana m'katoni. Kumeneko ukaphunzira kufananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki, kukonza malipiro a antchito, kudula msonkho wa pa malipiro wa PAYE, kuwerengetsa msonkho wa pa malonda wa VAT. Phunzira Excel mpaka zala zizolowere, ukapeza mpata ugwireko mapulogalamu a pakompyuta a akaunti monga Sage kapena QuickBooks. Pa intavyu amafunsa zimenezi, safunsa kuti umakhala lokeshoni iti.

Ukakhala ndi dipuloma ndi kalata yokuchitira umboni, apo ndiye pita ku Blantyre, ndipo usakangoyang'ana mabanki a mu Victoria Avenue. Kuli makampani a maodita, a inshuwalansi, mahosela a ku Limbe, mafakitale a ku Makata ndi Chirimba, ndipo onsewa amafuna munthu wosunga mabuku. Ku yunivesite funsiranso ulendo wotsatira, palibe wakuletsa, koma usakhale pakhonde kudikira. Digiri ena amadzaitenga pambuyo pake ali kale pa ntchito.

Nawenso ndikudzudzuleko. Kalata yako yadzaza ndi zimene bambo anena, za iwe mwini mulibe kupatula kusowa tulo. Mayeso a ICAM si phala, anthu amalephera, ndipo ambiri akagwa pepala limodzi amangosowa osabwereranso. Ngati uli wa mtundu umenewo, ndalama za bambo ako zisiye. Koma munthu wopeza 3 masamu sakhala waulesi kwenikweni, ndiye mwina ungathe.

Sabata ino funsa ku ICAM ndalama yolembetsera ndi ya pepala lililonse, ufunsenso fizi ku koleji. Lemba zonse papepala, papepala lina ulembe ya basi yopita ku Blantyre, ya minibasi ya mwezi wathunthu, ya chakudya ndi yosindikizira makalata. Ukawapatse bambo ako mapepala awiriwo amalume asanaimbiridwe foni.