Funsani Wamagetsi: Chingwe cha sola chafupika, kodi ndingapange changa?

FUNSO: Akulu, ndinagula power station, ija batire yonyamulika yotchajira foni, laputopu ndi kuyatsira mababu. Ndili ndi mapanelo a sola awiri a 100 W. Chingwe chimene chinabwera m'katoni n'chachifupi, moti potchaja ndimaiika padzuwa limodzi ndi mapanelowo, ndipo imatentha mpaka fani kumangolira. Ndikufuna ndipange chingwe changa cha mamita 10 ndi waya wa masipika amene ananditsalira. Mnzanga akutinso ndilumikize mapanelowo motsatizana kuti izidzaza msanga. Pa bowo lolowetsera sola palembedwa 11–30 V, 10 A. Ndithandizeni ndisanaononge katundu. — Wowerenga wanu

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanadule waya, ndipo maganizo ochotsa batire padzuwa ndi abwino, chifukwa kutentha kumakalambitsa msanga mabatire a lithiamu. Koma ndiyambe ndi malangizo a mnzanuwo, pakuti ndi amene angakupheni chipangizo tsiku limodzi.

Tembenuzani panelo muwerenge kapepala kakumbuyo. Mupeza nambala yolembedwa Voc, kutanthauza mavolti amene panelo imatulutsa isanalumikizidwe ku chilichonse. Pa mapanelo ambiri a 100 W imakhala cha m'ma 22 V. Mukalumikiza motsatizana, pulasi ya panelo ina ku mainasi ya inzake, mavolti amaphatikizana n'kufika 44 V. Power station yanuyo inakuuzani kale kuti malire ake ndi 30 V. Mukapyola pamenepo, mwina ingokana kutchaja, mwina kabodi ka m'kati kapsa. Dziwaninso kuti Voc anaiyeza panelo ili pa madigiri 25; m'mawa kukazizira imakwera pang'ono, choncho si bwino kuyandikira malire kwambiri ngakhale kwa amene chipangizo chawo chimalola mavolti ambiri.

Inu lumikizani mbali ndi mbali: pulasi ku pulasi, mainasi ku mainasi, ndi tizolumikizira tamphanda ngati Y ta MC4, mtundu wa mapulagi a pa mawaya a mapanelo a sola. Mavolti akhala omwewo, pafupifupi 18 V potchaja, koma ma ampu afika cha pa 11. Musade nkhawa poona kuti 11 yaposa 10. Ma ampu chipangizo chimakoka okhawo chikufuna, pamene mavolti amalowa osagogoda.

Tsopano waya wa masipikayo: musiyeni aziimba nyimbo. Chingwe cha mamita 10 ndi ulendo wa mamita 20, popeza magetsi amapita ndi kubwerera. Ma ampu 10 akamadutsa mu waya woonda wakopa wa 1.5 mm², mumataya mavolti oposa 2, ndiye kuti mawati oposa 20 akungotenthetsa waya pabwalo. Wa 4 mm² amataya osakwana volti imodzi, wa 6 mm² pafupifupi 0.6. Ine pa mtunda wanuwo ndingasankhe wa 6, koma wa 4 sangakukhumudwitseni. Funsani waya wa sola weniweni, amene nthawi zambiri amalembedwa H1Z2Z2-K pakhungu. Ali ndi makungu awiri opirira dzuwa ndi mvula, pamene khungu la waya wa masipika limauma n'kuyamba kung'aluka likakhalitsa panja.

Pogula, chenjerani ndi waya wonamizira, wa aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba. Dulani kachidutswa muyang'ane pamphuno pake podulapo. Wasola wabwino amaoneka wotuwa kunja chifukwa anamupaka tini, koma m'kati ndi wofiirira. Wonamizirayo ndi wofiirira kunja, woyera m'kati, wopepuka m'manja, ndipo amatsekereza magetsi kuposa kopa wa msinkhu womwewo.

Langizo langa lalikulu ndi ili: chingwe cha m'katonicho musachidule. Ngati mbali yake ya kusola ili ndi MC4, monga zimakhalira zambiri, pangani chowonjezera basi. Mawaya awiri a mamita 10, wofiira ndi wakuda, aliyense MC4 yaimuna mbali ina, yaikazi mbali inayo. Mukatero pulagi yolowa m'chipangizo imakhala ya kufakitale, ndipo mwachepetsa malo olakwitsa.

MC4 ili ndi msampha umene umagwira ngakhale anthu ozolowera. Kachitsulo kachikazi, kokhala ndi bowo lalikulu, kamalowa m'chikhokho cha pulasitiki chooneka chachimuna. Kachitsulo kachimuna kamalowa m'chikhokho chachikazi. Kakangolira kuti "khethe" m'kati, sikatulukanso mwamtendere. Choncho yalani zonse patebulo muziyerekeze ndi za kupanelo musanapane. Sendani khungu mamilimita pafupifupi 7 osadula tinsinga, panani ndi chopanira cha MC4, kenaka kokani waya ndi mphamvu. Akasololoka, yambiraninso. Mukalowetsa m'chikhokho mangani kanati ka kumbuyo mpaka labala igwire waya, madzi asapeze njira.

Pa chopanirachi ndikulankhula zimene zinandionekera. Nditangoyamba kumene ndinapana ndi pulayazi wamba, ndikuti bola chagwira. Patapita masabata angapo ndinaona kuti mawati akutsika dzuwa lili phwee. Nditagwira cholumikizira cha pulasi ndinachotsa dzanja msanga. Pulasitiki inali itafewa n'kupindika, ndipo nditaitsegula ndinapeza tinsinga tada bii, tina titapserera. Polumikiza polobodoka pamatentha, ndipo pakatentha pamalobodokeratu. Ngati chopanira mulibe, bwerekani.

Mwina chingwe cha kufakitale chinatayika kapena chaduka, ndiye mukuyenera kuika nokha pulagi. Yang'anitsitsani bowo lanu, chifukwa makampani sanagwirizane. Ena amagwiritsa ntchito XT60 yachikasu ija, ena Anderson, ena pulagi yozungulira ya 8 mm, ndipo yozungulirayi ili mitundu iwiri yofanana m'maso, DC7909 ndi DC8020, imene silowana bwino. Zipangizo zina za kampani ya EcoFlow zimafuna XT60i, yokhala ndi kachitsulo kachitatu pakati. Mukaika XT60 wamba zimaganiza kuti mwalumikiza kugalimoto n'kuchepetsa ma ampu. XT60 sapana, amawotcherera ndi mtovu. Mbali yake yosalala ndi pulasi, yosongoka m'makona ndi mainasi, ndipo zizindikiro zalembedwa pomwepo. Vekani kaye waya kachubu kofota ndi moto musanawotcherere, ndiponso lowetsani pulagiyo mu inzake pogwira ntchito kuti tizitsulo tisapendeke pulasitiki ikafewa. Waya wa 6 mm² amathina mu XT60, choncho kachigawo kotsiriza pangani ndi wa 4. Pulagi imeneyi siikana madzi ngati MC4, izikhala m'nyumba.

Mukamaliza musathamangire kulowetsa, ngakhale mitundu ya mawaya ikuoneka kuti yalondola. Ndaonapo zingwe zogula zimene wofiira wake anali mainasi. Ikani mapanelo padzuwa, lumikizani zonse kupatula chipangizocho, tengani mita yoyezera magetsi muiike poyezera mavolti a DC, mtundu wa magetsi amene sola imatulutsa. Kandodo kofiira kaguse pamene pakuyenera kukhala pulasi, kakuda pa mainasi. Pa pulagi yozungulira pulasi ndi ya pakati. Mita ikuyenera kuonetsa cha m'ma 20 mpaka 22. Ikaonetsa kamzere kutsogolo kwa nambala, mawaya asemphana, konzani kaye. Ikaonetsa 40 ndi kanthu, mapanelo mwawalumikiza motsatizana. Zipangizo zina zili ndi chitetezo pa kusemphanitsa, zina zilibe, ndipo sindingakonde kuti mudziwe za yanu pomva fungo la chopserera.

Ikayamba kutchaja, dikirani theka la ola masana dzuwa lili pamutu, kenaka yendani ndi chingwecho mukugwira polumikiza paliponse. Pofunda pang'ono si vuto. Potentha moti chala sichingakhalepo, dulani mupanenso. Ndipo tsiku lililonse mukafuna kumasula MC4, yambani mwaphimba mapanelo ndi nsalu kapena kuzula pulagi ya kuchipangizo, chifukwa magetsi a DC akamayenda amathetheka pomasula n'kudya tizitsulo ta m'kati.