Funsani Dokotala: Kodi kuotcha chotupa cha kapamba n'kothandiza?

Adokotala, bambo anga awapeza ndi khansa ya kapamba (pancreas) ku Kamuzu Central. Akuti sinafalikire koma opaleshoni siingatheke. Achimwene ali ku Joni akuti kunja amaotcha chotupacho ndi singano. Tigulitse boti tiwatumize? Ndine mayi wa ku Senga Bay.

Mayi, botilo libakhalani nalo kaye. Kapamba ali kuseri kwa chifu, pomwe pamadutsa mitsempha ikuluikulu yopita kumatumbo ndi kuchiwindi. Chotupa chikakulunga mitsemphayi, dokotala sangachidule osaivulaza. N'chifukwa chake akana opaleshoni.

Zomwe akunena achimwene anuzo zimatchedwa ablation. Njira ina amalowetsa singano m'chotupa n'kuchitenthetsa, koma kutenthako kumatha kupsereza matumbo ndi njira ya ndulu. Ina, ya IRE, siotcha: wodwala amamugonetsa tulo, amabaya singano zingapo mozungulira chotupa, n'kudutsitsa magetsi ofika mavoti 3,000 mwa kamphindikamphindi, motsatira kugunda kwa mtima. Magetsiwo amaboola maselo a khansa, mitsempha n'kutsala. Imayenerera chotupa chaching'ono, cha masentimita atatu kapena anayi, ndipo amene mtima wake umagunda mosalongosoka sayenera. Zovuta zake n'kutupa kwa kapamba, kukha magazi m'kati, magazi kuundana mumtsempha, ndi madzi a kapamba kudontha n'kumadya minofu ya pafupi.

Kunena mosapsatira, njira ya singanoyi sichiritsa. Khansa imeneyi imafulumira kumwaza timbewu tosaoneka pa sikani, ndipo singano sizingatipeze. Choncho ngakhale kunjako amayamba ndi chemotherapy, mankhwala opha maselo a khansa monga gemcitabine kapena FOLFIRINOX, miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, kenako sikani ina ya CT. Chotupa chikapanda kukula m'pamene amaganizira za singano; chikafota, nthawi zina ngakhale opaleshoni imatheka. Kafukufuku wa CROSSFIRE wa ku Netherlands, wa mu 2024, sanapeze kuti IRE imatalikitsa moyo kuposa radiotherapy, njira yopha khansa ndi cheza champhamvu.

Ndiye bwererani kwa madokotala a khansa ku Lilongwe mukafunse ngati thupi la bambo lingapirire chemotherapy. Maso akachita chikasu, mkodzo kuda, thupi kuyabwa, ndiye kuti njira ya ndulu yatsekeka. Pakabwera kutentha thupi, thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Ayezetsenso shuga. Ululu wolasa kumsana asamangoupirira: morphine wakumwa amathandiza akamamwedwa maola anayi aliwonse, pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba. Kafunseni kuchipatala cha boma cha Salima kapena ku Ndi Moyo, malo osamalira odwala matenda osachiritsika ku Salima komweko.