Tsamba likamakoka pa foni ya kasitomala

*Ndinapangira sitolo ya zipangizo za ulimi ku Ulongué, ku Mozambique, tsamba la pa intaneti. Pa laputopu yanga limatseguka bwinobwino, koma eni sitolo akuti makasitomala akalitsegula pa foni limangozungulira mpaka atopa, ndipo ena akudandaula kuti lawadyera mamega. Ndalakwitsa pati?*

Achimwene, musanakhudze china chilichonse, yang'anani zithunzi. Nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo. Foni ikajambula thumba la feteleza, chithunzicho chimatuluka ndi mapikiseli ngati 4000 m'lifupi, cholemera 3 kapena 4 MB. Mukaika khumi zotere pa tsamba limodzi, munthu walipira mamega oposa 30 asanaone n'komwe mtengo wa mbewu. Chopweteka n'choti foni yake imangofuna chithunzi chokwana m'chikhatho, chifukwa mafoni ambiri a Android amayala tsamba pa malo a mapikiseli 360 mpaka 412 m'lifupi. Zotsalazo wangolipirira mphepo.

Tsegulani Squoosh, chida chaulere cha Google chomwe chimagwira ntchito mu browser momwemo. Chithunzi cha katundu chichepetseni chifike pa mapikiseli 800 m'lifupi, chachikulu cha pamwamba pa tsamba chifike pa 1200 kapena 1600. Sankhani WebP, mtundu wopepuka wa fayilo ya chithunzi, quality muiike pa 70 kapena 75, kenako kokerani kamzere ka pakati uku ndi uku kuti mufanizire chakale ndi chatsopano. Ngati zolemba za pa thumba zikuwerengeka, basi chakwana. Chithunzi cha katundu chisapitirire 100 KB. Musaope kuti ena sachiona, WebP imatseguka pa Chrome kuyambira kale, ndipo Safari inayamba kuilandira mu 2020.

Mu HTML, chithunzi chilichonse chikhale ndi width ndi height yake yolembedwa. Mukapanda kutero, browser sidziwa malo oti isungire chithunzicho, ndiye munthu ali mkati mowerenga, chithunzi chikafika mawu onse amadumphira pansi, chala chake n'kugwera pa batani lina. Zithunzi za m'munsi muziike loading="lazy" kuti zizibwera pokhapokha munthu akatsikira kumene zili. Choyamba cha pamwamba musachiike lazy, mungochichedwetsa chabe.

Palinso zija zithunzi zosinthanasinthana pamwamba pa tsamba, zomwe eni masitolo amazikonda kwambiri. Chotsani. Zimakoka zithunzi zisanu pamodzi ndi JavaScript yozitembenuza, pomwe kasitomala amaona choyamba chokha n'kutsika. Chithunzi chimodzi chabwino, dzina la sitolo, malo ake ndi nambala ya foni zimagulitsa kuposa zonsezo.

Mukatha, yesani. Pa Chrome dinani F12, lowani pa Network, chongani Disable cache, musankhe liwiro la 3G, mutsegulenso tsambalo. M'munsi mwenimweni muona kuchuluka kwa zonse zomwe zatsitsidwa. Tsamba la sitolo lisadutse 1 MB. Komabe mayeso enieni ndi kubwereka Tecno kapena itel yotsika mtengo, kuzimitsa Wi-Fi, n'kutsegula ndi mamega a Movitel kapena Vodacom, makamaka kunja kwa tauni, cha ku Dómuè kapena Tsangano kumene alimi ogula fetelezawo amakhala.

*Pa foni mawu akuoneka ang'onoang'ono ngati nyerere. Ndikawakulitsa, tsamba likudukira kumanja, munthu amachita kukokera m'mbali.*

Apa pali matenda awiri. Loyamba, mu head mulibe mzere wa meta wokhala ndi name="viewport" ndi content="width=device-width, initial-scale=1". Ukasowa mzerewu, foni imayesa kuti tsambalo ndi la kompyuta, imaliyala pa mapikiseli pafupifupi 980, kenako n'kulifinya lonse kuti likwane. N'chifukwa chake zilembo zikuchepa.

Lachiwiri, penapake munalemba m'lifupi wokhazikika, monga width: 900px. Fufuzani mu CSS yonse, paliponse pamene pali nambala yaikulu yotere muike max-width m'malo mwake. Zithunzi zonse zipatseni max-width: 100% ndi height: auto.

Pondandalika katundu musavutike ndi float, nthawi yake inatha. CSS Grid inalowa mu Chrome ndi Firefox mu 2017, ndipo mizere itatu ikukwanirani. Pa bokosi lalikulu lembani display: grid, gap: 12px, ndi grid-template-columns: repeat(auto-fit, minmax(150px, 1fr)). Tanthauzo lake n'loti kabokosi kalikonse kasachepere mapikiseli 150, ndipo browser idziwerengere yokha timabokosi tingati tikwane pa mzere. Pa foni tikhala tiwiri, pa laputopu tisanu ndi kamodzi kapena kuposa, popanda media query ngakhale imodzi. Tebulo la mitengo ndi lomwe limakana kupindika. Likulungeni m'bokosi la overflow-x: auto kuti lokhalo lizikokedwa m'mbali, tsamba lonse likhale chilili.

Chenjerani ndi mabatani ngati tsambalo lili m'zilankhulo ziwiri. Batani lomwe munaliyeza ndi mawu a Chipwitikizi oti "Ligar" silikwana "Tiimbireni foni", mawu amasefukira kunja kwa bokosi. Musalipatse width, lipatseni padding kuti lizikula ndi mawu ake.

*Ndikalemba Angónia kapena preço pakutuluka zizindikiro zachilendo. Nayonso ŵ ikuoneka yosiyana ndi zilembo zinzake.*

Ngati m'malo mwa ç mukuona Ã§, m'malo mwa ã mukuona Ã£, kapena ŵ yasanduka Åµ, ndiye kuti mawu anasungidwa mu UTF-8 koma akuwerengedwa ngati Windows-1252, zomwe ndi njira ziwiri zosiyana zosungira zilembo mu kompyuta. Ikani meta charset="utf-8" koyambirira kwenikweni kwa head, fayilo muisungenso mu UTF-8. Ngati mawuwo akuchokera mu database ya MySQL, tebulo ndi kulumikizana kwake zonse zikhale utf8mb4, apo ayi mukonza tsamba koma zinyalala zizitulukabe kuchokera mu database.

Za ŵ yooneka ngati mlendo pakati pa anzake ndi nkhani ya font. Zilembo za Chipwitikizi monga ã, ç ndi ó zili m'gulu la latin, pomwe ŵ ili mu latin-ext. Mukatsitsa font kuti muisunge pa server yanu n'kutenga latin yokha, browser imakabwereka ŵ ku font ina, ndiye imatuluka yonenepa kapena yopendekeka payokha. Tengani magulu onse awiri, ndipo musanasankhe font pa Google Fonts lembani "Malaŵi, Angónia, preço" m'bokosi loyesera muone ngati zonse zikufanana. Kunena zoona, pa tsamba la sitolo font-family: system-ui imakwana, sitsitsa kalikonse. Musaiwale lang="ny" pa tsamba la Chichewa ndi lang="pt" pa la Chipwitikizi, zimathandiza kuti browser idziwe chilankhulo chomwe ikuwerenga.

*Mayi wina wogulitsa nsomba za ku Cahora Bassa mu mzinda wa Tete akufuna fomu yoti anthu aziodera. Ndiike mabokosi angati?*

Mwina osaika fomu n'komwe. Ogula nsomba amafuna kufunsa ngati pende ndi wa lero, ndipo zimenezo amachitira pa WhatsApp. Ikani batani lopita ku wa.me/ kutsatizana ndi 258, khodi ya dziko la Mozambique, ndi nambala ya mayiwo, popanda chizindikiro cha +, mipata kapena timizere. Mukawonjezera ?text= kumapeto, uthenga umatseguka utalembedwa kale, koma mpata uliwonse pakati pa mawu muulembe %20.

Ngati mayiwo aumirira fomu, mabokosi atatu akwana: dzina, foni, ndi zomwe munthu akufuna. La foni likhale type="tel" kuti pazituluka manambala osati zilembo. Zilembo za m'mabokosi zisachepere 16px, chifukwa iPhone ikaona zochepera pamenepo imakulitsa tsamba yokha munthu akangodina. Batani lililonse likhale la mapikiseli 48 kupita m'mwamba, chala chachikulu chisaphonye. Nambala za M-Pesa ndi e-Mola zilembedwe ngati mawu enieni oti munthu akopere, osati mkati mwa chithunzi.

Ndiye mitundu. Dzuwa la ku Tete mukulidziwa, ndipo tsambali liziwerengedwa panja masana pa sikirini yokalika. Mawu otuwa pa malo oyera amazimiririka. Malamulo a WCAG, othandiza kuti aliyense athe kugwiritsa ntchito masamba a pa intaneti, amafuna kusiyana kosachepera 4.5:1 pakati pa mawu wamba ndi mtundu wa kumbuyo kwake. Imvi ya #999999 pa zoyera imalephera, ya #595959 imadutsa bwino. Lighthouse, chida choyezera masamba cha mu Chrome, ikuuzani malo amene mwalephera, koma tulukaninso nayo foniyo panja cha m'ma 12 koloko muone ngati mtengo wa kilo ukuwerengeka.